Kumene mudzi unkakhala pansi: nyumba za alendo za m'mapiri a Tirol

Mu Disembala 1551 anthu a m'tauni ya Brixen ku Tirol, pakati pa mapiri a Alps ku Ulaya, anadzidzimuka ataona njovu ikulowa m'msewu wawo. Inali njovu ya ku Asia, dzina lake Soliman, mphatso yochokera ku banja lachifumu la Portugal yopita kwa Maximilian wa banja lachifumu la Habsburg la ku Austria. Anaitsitsa m'sitima ya pamadzi ku Genoa, ndipo inayenera kukwera mapiri wapansi m'nyengo yachisanu kuti ikafike ku Vienna. Pofika ku Brixen inali itatheratu mphamvu, choncho oiperekeza anaipumitsa pafupifupi masabata awiri pa nyumba ina ya alendo. Itachoka, mwini nyumbayo anajambulitsa njovu pakhoma la kumsewu, ndipo dzina linamatirira. Hotel Elephant ilipobe mpaka lero, chithunzi chija chilinso pomwepo.

Nkhaniyi imandisangalatsa chifukwa ikusonyeza mmene zinthu zinalili ku Tirol kwa zaka mazana ambiri: kaya ndiwe mfumu, wamalonda, wansembe kapena njovu, dzuwa likalowa kuseri kwa phiri umafuna khomo loti ugogode. Amene anali ndi khomo limenelo anali munthu wofunika kwambiri m'chigwa, mwina kuposa mmene mabuku a mbiri amavomerezera.

Tirol ndi dziko la mapiri limene lero linagawika pawiri, kumpoto kuli m'manja mwa Austria, kumwera m'manja mwa Italy. Chuma chake chakale chinachokera pa mpata wa Brenner, umene uli pamtunda wa mamita 1,370. Kwa ife nambala imeneyo ikumveka yaikulu, koma pa mipata yonse ikuluikulu yodutsa Alps uwu ndiye wotsika kwambiri, ndiye katundu wochuluka woyenda pakati pa Venice ndi mizinda ya ku Germany ankadzera pamenepo. Mchere unkachokera ku Hall, siliva ndi mkuwa ku migodi ya Schwaz, vinyo ku minda ya kufupi ndi Bozen. Mu 1314 wamalonda wina, Heinrich Kunter, anapatsidwa chilolezo chosema njira m'chigwa chopapatiza cha mtsinje wa Eisack, ndipo ulendo unafupika. Koma ngakhale njira ikhale yabwino chotani, hatchi yosenza migolo ili ndi malire ake pa tsiku. Malire amenewo ndiwo anasankha malo omangapo nyumba za alendo. Mukayang'ana mapu a zigwa zimenezi, midzi yambiri yakale inakhazikika pamene nyama inkatopera.

Mwini nyumba yotere sankangogulitsa chakudya ndi bedi. Anali ndi khola ndi udzu wouma wodyetsa ziweto za apaulendo. Pamene msewu unali wokwera kwambiri ankabwereketsa mahatchi owonjezera kuti athandize kukoka ngolo mpaka pamwamba. Ankasunga katundu wa ena, ankakongoza ndalama, ankadziwa mtengo wa ng'ombe kutsidya kwa phiri anthu ena onse asanamve. Pamene mfumu Maximilian I (osati Maximilian uja wa njovu) inakhazikitsa njira ya makalata mu 1490 kudzera m'banja la Taxis, malo osinthira mahatchi a mtengatenga anali nyumba zomwezi, n'chifukwa chake mpaka lero mudzi ndi mudzi mumapeza chikwangwani cholembedwa Gasthof Post, kutanthauza nyumba ya alendo ya positi, ngakhale palibe kalata imene imafikirapo. Nyumba zina zinkadziwika ndi chithunzi chachitsulo chopachikidwa panja: chiwombankhanga, hatchi yoyera, mwana wa nkhosa, nyenyezi, chisoti chachifumu. Oyendetsa ngolo ambiri sankatha kuwerenga, koma hatchi yoyera aliyense amaizindikira.

Pamwamba penipeni, pamene mudzi sungakhale, panali nyumba za mtundu wina. Pa mpata wa Arlberg, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,800, m'busa wina wotchedwa Heinrich Findelkind anatopa n'kuona mitembo ya apaulendo ikuonekera sinowo akasungunuka. Mu 1386 anamanga malo othawirapo amene anatchedwa St. Christoph, ndipo panakhazikitsidwa gulu la abale losonkha ndalama zowasamalira. Kumeneko kulandira mlendo sikunali malonda, kunali kupulumutsa moyo. Ndimakonda kukumbukira zimenezi ndikamaona mitengo ya zipinda ku Arlberg lero, kumene kuli amodzi mwa malo odula kwambiri ochitira masewero a pa sinowo ku Ulaya konse.

Komabe nkhani yanga yeniyeni si ya apaulendo. Ndi ya eni mudzi.

Mukafika pakati pa mudzi wakale wa ku Tirol mumapeza zinthu zitatu zitayandikana: tchalitchi, manda ozungulira tchalitchicho, ndi nyumba ya alendo, imene iwo amaitcha Wirtshaus. Nyumba zambiri zoterezi dzina lake ndi Kirchenwirt basi (pa Chijeremani Kirche ndi tchalitchi, Wirt ndi mwini nyumba ya alendo), chifukwa zili pakhomo pa tchalitchi. Sizinangochitika mwangozi. Alimi a kumeneko sankakhala pamodzi. Banja lililonse linali pa munda wake, kumtunda kwa phiri, ena ulendo wa maola awiri wapansi. Tsiku lokhalo loonana onse linali Lamulungu. Munthu amene watsika phiri m'mdima, m'chisanu, wosadya kanthu chifukwa cholandira Ukalistia, sakanatha kungotembenuka Misa ikatha. Ankalowa m'nyumba ya pafupi kukaotha, kumwa msuzi wotentha ndi kumva zimene zachitika sabata yonse. Mwambo umenewo wa chakumwa cha m'mawa wa Lamulungu amautcha Frühschoppen, ndipo m'midzi ina ukadalipo.

Chipinda chokhalamo amachitcha Stube. Makoma ndi denga ndi matabwa okhaokha, odetsedwa ndi utsi wa mibadwo. Pangodya imodzi pali ng'anjo yaikulu yomangidwa ndi njerwa kapena matailosi, yosunga kutentha usiku wonse, yozunguliridwa ndi benchi. Pangodya ina pali mtanda wa Yesu wopachikidwa, nthawi zina ndi ngala za chimanga chouma m'mbali mwake. Mawindo ndi aang'ono, denga ndi lotsika, munthu wamtali amawerama polowa. Ndipo pafupi ndi ng'anjo, pamalo abwino kuposa onse, pali tebulo limodzi limene mlendo sakhalapo. Limeneli ndi Stammtisch, tebulo la eni mudzi.

Ndinalionera tebulo lotere madzulo ena m'mudzi wa m'chigwa cha Pustertal, ndikudya mbale ya Knödel, timibulu ta buledi wouma wosakaniza ndi mazira, mkaka ndi nyama ya nkhumba yowamba, tophikidwa mumsuzi. Banja lina la alendo linalowa n'kulunjika patebulo la pang'anjo chifukwa linali lopanda munthu. Mayi wotumikira sanakalipe, anangowatsogolera ku tebulo lina akumwetulira. Patapita kanthawi abambo achikulire anayamba kufika mmodzimmodzi. Aliyense ankagogoda patebulo ndi nkhonya m'malo mopereka moni wa padzanja, n'kukhala pa mpando umene zinkaonekeratu kuti ndi wake. Palibe amene anaitanitsa chakumwa; chinkangobwera, chifukwa mayi uja ankadziwa cha aliyense. Kenaka anatulutsa makadi n'kuyamba Watten, masewero a anthu anayi amene awiriawiri amapatsana zizindikiro ndi maso, milomo ndi mapewa, uku akunamiza anzawo mokweza. Chilankhulo chawo cha kumudzi sindinkachimva bwino, koma mkangano ndinkaumva. Unkakwera mpaka munthu n'kuganiza kuti pagwa ndewu, kenaka onse n'kuphulika kuseka.

Chinthu chapafupi chimene ndingachiyerekeze nacho ndi bwalo la kwathu, pansi pa mtengo wa kachere, kungoti kumene chisanu chimapha munthu bwalo limafunika denga ndi moto. Patebulo limenelo ndi pamene ankagulitsana ng'ombe n'kugwirana dzanja, pamene ankakambirana za tsiku lokweza ziweto ku msipu wa pamwamba, za madzi othirira, za malire a nkhalango. M'midzi yambiri khonsolo ya mudzi inkakumana m'chipinda cha nyumba ya alendo chifukwa ofesi kunalibe. Phwando la ubatizo linkachitikira momwemo, la ukwati m'chipinda chachikulu cha pamwamba, ndipo maliro akaikidwa anamfedwa ankatengera anthu onse komweko kukadya. Munthu ankalowa m'nyumba imeneyo atanyamulidwa ali khanda, ndipo tsiku lomaliza dzina lake linkatchulidwa momwemo.

Sindikufuna kukometsa zinthu mopitirira. Tebulo la pang'anjo linali la amuna, ndiponso osati amuna onse. Mlimi wa ng'ombe zambiri, kapitawo wa mudzi, mphunzitsi, nthawi zina bambo mfumu, ndiwo ankakhala pamenepo. Antchito a m'minda ankakhala kufupi ndi khomo kumene mphepo imalowera. Akazi Misa ikatha ankathamangira kunyumba kukaphika, ndipo ena ankadikira mpaka madzulo mwamuna amene wamwera ndalama ya mwana wa ng'ombe. Ansembe ankadandaula kawirikawiri za abambo amene ankazemba ulaliki n'kuwolokera tsidya lina la msewu. Umphawi unalinso woopsa: kuchokera m'zigwa za kumadzulo kwa Tirol ana aang'ono ankawoloka Arlberg wapansi chaka ndi chaka kukagwira ganyu kwa alimi a ku Swabia, kumwera kwa Germany, atasankhidwa pamsika ku Ravensburg. Amenewo ankagona m'makhola, osati pafupi ndi ng'anjo.

Mphamvu ya eni nyumba za alendo inaonekera poyera mu 1809. Austria itagonja kwa Napoleon, pangano la ku Pressburg la 1805 linapereka Tirol kwa Bavaria, dziko la Chijeremani loyandikana nalo limene linali bwenzi la France. Boma latsopano linabwera ndi maganizo ake: linakweza misonkho, linaletsa Misa ya pakati pa usiku wa Khirisimasi ndi maulendo ena achipembedzo, linachotsa dzina loti Tirol pa mapepala a boma, ndipo linayamba kulemba anyamata usilikali mokakamiza. Ichi chomalizachi chinawawa kwambiri, chifukwa kuyambira 1511 anthu a ku Tirol anali ndi chikalata chotchedwa Landlibell chonena kuti udindo wawo ndi kuteteza dziko lawo lokha, osati kukamenya nkhondo kutali. Chikalata chomwecho ndicho chinachititsa kuti alimi akhale ndi mfuti m'nyumba ndi kudziwa kuwombera.

Tsono funso n'lakuti, ndani angasonkhanitse alimi obalalika m'zigwa makumi ambiri popanda boma kuzindikira? Ndi munthu amene pakhomo pake anthu amalowa ndi kutuluka tsiku lonse popanda wodabwa, amene amayenda maulendo ogula vinyo ndi mahatchi, amene aliyense ali naye ngongole kapena chinsinsi. Andreas Hofer anali wotere. Anabadwa mu 1767 pa Sandhof, nyumba ya alendo ya m'chigwa cha Passeier, ndipo anthu ankangomutcha Sandwirt, kutengera nyumbayo. Anatsogolera alimi pa phiri la Bergisel, pamwamba pa Innsbruck, likulu la Tirol, ndipo anapambana kangapo, mpaka mu Ogasiti anathamangitsa asilikali a mkulu wankhondo wa ku France, Lefebvre. Kwa miyezi iwiri munthu wogulitsa vinyo anakhala m'nyumba yachifumu ya ku Innsbruck akulamulira dziko m'dzina la mfumu ya Austria. Koma mfumuyo inasaina mtendere ku Schönbrunn mu Okutobala n'kuwasiya okha. Hofer anagonja pa nkhondo yomaliza ya pa Bergisel mu Novembala, anabisala m'kanyumba ka abusa pamwamba pa phiri, mnansi wake anamuulula, ndipo anawomberedwa ku Mantua pa 20 Febuluwale 1810.

Sanali yekha. Tsiku lomwelo ku Bozen anawombera Peter Mayr, mwini nyumba ya alendo ya Mahr kufupi ndi Brixen. Anthu amasimba kuti anapatsidwa mwayi wopulumuka akadangonena kuti sanamve za lamulo loletsa kugwira zida, koma iye anakana kugula moyo ndi bodza. Peter Sigmair, wa nyumba ya alendo ya Tharer ku Olang, anadzipereka yekha atamva kuti asilikali akufuna kupha bambo ake m'malo mwake. Mukawerenga mayina a atsogoleri a chaka chimenecho, mawu oti Wirt amabwerezedwa mpaka kudabwitsa.

Ku Tirol anthu amenewa ndi ngwazi, nyimbo ya fuko lawo ndi ya imfa ya Hofer. Ine ndimawalemekeza koma mosamala. Ankamenyera ufulu wa mudzi wawo, inde, koma ankakananso zinthu zabwino zimene boma la Bavaria linabweretsa, monga katemera wa nthomba. Alimi atalowa mu Innsbruck mu Epulo 1809, nyumba za Ayuda zinaphwanyidwa n'kuberedwa. Tebulo limene limagwirizanitsa mudzi limathanso kugwirizanitsa mudziwo kudana ndi wosiyana nawo, ndipo mbiri ya nyumba zimenezi ili ndi mbali zonse ziwiri.

Chimene asilikali a Napoleon analephera, njanji inachita. Sitima inayamba kudutsa pa Brenner mu 1867, m'chigwa cha Pustertal mu 1871, pansi pa Arlberg mu 1884. Katundu amene ankatenga masiku ambiri, akugona m'nyumba zisanu kapena zisanu ndi imodzi, tsopano ankadutsa osaima. Makhola anakhala opanda mahatchi, osula zitsulo ndi okonza ngolo anasowa ntchito. Koma sitima yomweyo inabweretsa mlendo wa mtundu watsopano, wochokera ku Vienna, Munich kapena London, amene sankadutsa koma ankabwera dala kudzaona mapiri amene eni ake ankawaona ngati chopinga.

Amene anazindikira msanga zimenezi kawirikawiri anali akazi, chifukwa ngakhale chikwangwani chinkatchula mwamuna, khitchini, zipinda ndi thumba la ndalama zinali m'manja mwa mayi. Wodziwika kwambiri ndi Emma Hellenstainer, wobadwa mu 1817, amene ankayendetsa Schwarzer Adler ku Niederdorf, ndipo mwamuna wake atamwalira anapitiriza yekha uku akulera ana. Anakonza kaphikidwe, anayeretsa zipinda, anaphunzira zimene anthu a m'mizinda amafuna, mpaka mbiri yake inafika kutali. Pali nkhani imene amaikamba yoti kalata yolembedwa "Frau Emma in Europa" basi, kutanthauza "Mayi Emma ku Ulaya", inamupeza. Banja lake linatsegula hotela pa nyanja ya Pragser Wildsee mu 1899, nyanja yomwe ija imene masiku ano zithunzi zake zadzaza pa Instagram mpaka akuluakulu amachita kuchepetsa magalimoto olowa m'chigwacho nthawi yachilimwe.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, pangano la Saint-Germain la 1919 linadula Tirol pa Brenner, kumwera kukhala kwa Italy. Mussolini atatenga boma, Chijeremani chinachotsedwa m'masukulu ndi m'maofesi, mayina a midzi anasinthidwa, zikwangwani zinayenera kulembedwa m'Chitaliyana. Ana ankaphunzitsidwa chilankhulo cha makolo awo mobisa. M'zaka zimenezo Stube inakhala malo amene munthu ankayankhula ndi kuimba monga kwawo, koma akuyang'ana kaye amene wakhala pakhomo. Choipa kwambiri chinadza mu 1939, pamene Hitler ndi Mussolini anagwirizana kuti banja lililonse lisankhe: kusamukira ku Germany kapena kukhala n'kusanduka Mtaliyana. Oposa 80 pa 100 alionse anasankha kuchoka, ngakhale amene anachokadi anali pafupifupi 75,000 chifukwa nkhondo inasokoneza zonse. Midzi inang'ambika, abale anasiya kulankhulana, ndipo anthu amene anakhalira tebulo limodzi kuyambira unyamata ankatchulana achiwembu.

Lero mbali ya Austria ya Tirol ili ndi anthu osafika 800,000, koma alendo amagona kumeneko mausiku oyandikira 50 miliyoni pa chaka. Munthu angaganize kuti nyumba za alendo zili pabwino kuposa kale lonse. Mahotela alidi pabwino. Koma Wirtshaus ya pakati pa mudzi ikutsekedwa m'malo ambiri, ndipo anthu a kumeneko amadandaula za imfa yake m'manyuzipepala chaka ndi chaka. Kuyambira 1992 pali bungwe la Tiroler Wirtshauskultur loyesa kusunga nyumba zimene zikuphikabe zakudya za kumeneko ndi kusunga tebulo la eni mudzi.

Zifukwa zimene zimatchulidwa n'zambiri. Anthu ochepa amapita ku Misa, ndiye mtsinje wa Lamulungu uja unaphwa. Ambiri amagwira ntchito m'tauni n'kubwerera pagalimoto, ndipo malamulo a kumwa ndi kuyendetsa anakhwima. Kuyambira pa 1 Novembala 2019 kusuta fodya m'malo odyera ku Austria n'koletsedwa, ndipo eni nyumba ena amaloza chala pamenepo, ngakhale ine ndikuona kuti matenda anayamba kale lamulolo lisanabwere. Ana a eni nyumba anakula akuona makolo awo akugwira ntchito Lamulungu, Khirisimasi ndi usiku uliwonse, ndiye akauzidwa kuti atenge makiyi amakana, ndipo sindingawadzudzule. Antchito ndi osowa. M'makhitchini ambiri a m'mapiri muli anthu ochokera ku Hungary, Slovakia ndi maiko ena.

Chifukwa chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti mudzi weniweniwo unasamuka. Gulu la ozimitsa moto ongodzipereka, gulu loimba malipenga, gulu la owombera mfuti, timu ya mpira, onsewa kale ankachitira misonkhano m'nyumba ya alendo n'kusiyamo ndalama. Chuma chitabwera, gulu lililonse linamanga nyumba yakeyake, yokhala ndi firiji yakeyake ndi mowa wotchipa. Palibe amene anachita zimenezi ndi mtima woipa. Koma zotsatira zake n'zakuti woimba lipenga amamwa ndi oimba malipenga anzake, wozimitsa moto ndi ozimitsa moto anzake, ndipo mkulu amene sali m'gulu lililonse amakhala kunyumba ndi wailesi yakanema. Chipinda chimodzi chimene mlimi, mphunzitsi ndi kapitawo wa mudzi ankakakamizika kumvana chinasowa ntchito.

Mwini nyumba amene watsala amayenera kuwerengera. Abambo anayi osewera Watten amakhala maola atatu patebulo labwino koposa, aliyense ndi matambula awiri kapena atatu. Tebulo lomwelo likapatsidwa alendo ochokera ku Munich limabweretsa ndalama zowirikiza kangapo usiku umodzi. Ena amachotsa kachikwangwani ka Stammtisch, ena amasandutsa zipinda kukhala nyumba zobwereketsa alendo n'kutseka khitchini. Palinso nyumba zimene zimatseguka nyengo ya sinowo ndi ya chilimwe yokha, kotero mu Novembala, alendo atapita ndipo eni mudzi ali ndi nthawi yocheza, chitseko chimakhala chokhoma. Maliro akagwa mwezi umenewo, anamfedwa amayamba kuimba mafoni m'midzi yoyandikana kufunsa amene angalandire anthu 80 tsiku la Lachinayi masana.